Bulugamu woyandikana ndi nyumba sadula mwachisawawa

Bambo Mkonzi,

Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, anthu ambiri muno mu Blantyre akuopa mitengo italiitali yoyandikana ndi nyumba zawo, ndipo Novembala akamayandikira aliyense amafuna kuigwetsa mvula isanayambe. Manthawo ndi omveka. Chondidetsa nkhawa ndi kadulidwe kake.

Bulugamu wokhwima amatalika kuposa mamita 30. Nanga pamalo opanikizana ngati ku Ndirande kapena ku Bangwe, mtengo wotere ukagwa wathunthu ugwera pati? Ngati si pa malata a eni ake, ndiye pa mpanda wa oyandikana nawo kapena pa mawaya a magetsi. Komabe mupeza bambo atenga nkhwangwa, aitana anyamata aganyu kuti azikoka chingwe, ana ali pomwepo kuonerera. Chingwecho nthawi zambiri chimakhala chachifupi kuposa mtengowo, kutanthauza kuti okokawo aima pomwe mtengo ukagwere.

Munthu wozolowera ntchitoyi sayambira patsinde. Amayamba wauzungulira mtengo kuti aone komwe wapendekera, komwe kwachuluka nthambi, ndiponso ngati chiswe sichinaudye m'kati, chifukwa mtengo wamphako umathyoka usanafike pomwe wodula amayembekezera, ndipo m'mphakomo nthawi zina mumakhala njuchi. Kenako amakwera atadzimangirira, n'kumasadza nthambi imodziimodzi ndi kuitsitsa ndi chingwe. Pofika pa thunthu amatema kamwa mbali yomwe akufuna kuti ugwere, n'kucheka kumbuyo osamaliza, kuti kachigawo kotsalako kauongolere pogwa. Ngati nthambi zayandikira mawaya, sakhudza kanthu mpaka a ESCOM atazimitsa magetsi, pakuti nthambi yaiwisi imadutsa magetsi.

Ena akuti akatswiriwa amalipiritsa ndalama zambiri. N'zoona, koma bulugamu ndi ndalama payekha: mutha kugwirizana kuti atengeko matabwa kapena nkhuni, malipiro atsike.

Ndichenjezenso kuti masiku ano makina ochekera mitengo achuluka, ndipo aliyense wowanyamula paphewa akudzitcha katswiri. Musanamupatse ntchito, mufunseni komwe anadulako pakati pa nyumba, mukadzionere nokha. Mugwirizanenso pamaso pa mboni, makina asanalire, kuti mtengo ukaphwanya denga la mnzanu alipire ndani.

Wokhudzidwa,
Chirimba, Blantyre