Tiunike mano a ana tisanathamangire kuzula

Akonzi,

Mdzukulu wanga wafika zaka 9, koma dzino lake lakutsogolo silinamere. Anzake anamera kalekale. Kunyumba ena ankati tingodikira, ena ankati ndi zaufiti. Titapita naye kuchipatala china, chithunzi cha X-ray chinaonetsa kuti mu nkhama muli kadzino kowonjezera kamene katsekera njira.

Komabe chithunzicho n'chafulati. Sichikuonetsa bwino ngati kadzinoko kali kutsogolo kapena kumbuyo kwa mizu ya mano ena. Adokotala anatiuza za makina a CBCT, amene amazungulira mutu n'kujambula nsagwada mbali zonse, kuti pochita opaleshoni asang'ambe malo olakwika. Makinawa amathandizanso kuona dzino lopindikira mkati mwake, lomwe limaola likuoneka labwinobwino. Koma cheza cha makinawa n'chochulukirapo kuposa cha X-ray wamba, choncho si mwana aliyense wofunika kujambulidwa.

Malawi idayamba kuphunzitsa madokotala ake a mano mu 2019. Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti pogula zipangizo za zipatala zazikulu, uziganiziranso makinawa. Ife tikudikirabe, ndipo mwanayu wayamba kuphimba pakamwa akamaseka.

Gogo wodandaula,
Zomba