Okongoletsa ukwati asiye kubowola makoma a Holy Cross

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za mabowo 6 amene okongoletsa ukwati wina anabowola Loweruka lapitali pakhoma lakunja la tchalitchi cha Cathedral of the Holy Cross ku Lusaka, kuti apachikepo nsalu ndi mabaluni. Keke inadyedwa, akwati anapita kwawo, mabowo atsala kukamwa yasa. Zikomo kwambiri akatswiri inu, mwatikongoletseradi!

Kodi anthuwa akudziwa khoma limene analiloza ndi makina awowo? Mwala wa maziko a tchalitchi cha Anglican chimenechi unaikidwa ndi Queen Elizabeth the Queen Mother mu 1957, ndipo chinatsegulidwa pa 14 Seputembala 1962, Zambia isanabadwe. Ndi momwemu momwe a Kaunda ndi a Chiluba anakumana mu 1991 dziko litatentha, ndiponso momwe tinapempherera maliro a Kaunda mu 2021. Koma kwa wina ndi chopachikapo mabaluni basi.

Nyumbayi ndi ya konkiliti yokhala ndi zitsulo mkati, si ya njerwa ayi. Chitsulo chimatetezedwa ndi konkiliti yochikuta, kawirikawiri masentimita 3 kapena 4 chabe. Bowo la masentimita 5 ladutsa kale pamenepo. Mvula ya mu Disembala ikalowa, chitsulo chimachita dzimbiri, dzimbirilo limatupa n'kukankha konkiliti kuchokera mkati. Poyamba mumangoona kamzere kofiirira kakutsika pakhoma, kenako mng'alu, mapeto ake chibenthu chimagwa. Chigwere mutu wa mwana wa Sande sukulu ndiye tidzayambe kulozana zala?

Ndipo wina asabwere ndi kasimenti kapachala n'kupaka penti pamwamba. Bowo liyenera kupemereredwa fumbi lonse, kunyowetsedwa, n'kudzazidwa mpaka pansi ndi simenti yokonzera konkiliti yosanyala ikauma. Ngati chitsulo chaonekera, apale dzimbiri ndi burashi yawaya ndi kupaka mankhwala kaye.

Matenda ake ndi omwewa mu Lusaka monse: chipupa chilichonse chakale chamatidwa mapepala a asing'anga ndi a ngongole zachangu, ndipo zakale tikungoziona ngati malo oyembekeza shopping mall.

A Dini (wansembe wamkulu wa tchalitchichi) ndi akuluakulu a mpingo, pamodzi ndi a National Heritage Conservation Commission, bungwe loteteza malo akale a dziko lino, chonde lowererani. Okongoletsa azibwera ndi mafelemu awo oima okha, azisiya ndalama ya chikole, ndipo amene anabowolawa alipire mabowo onse 6 mvula isanagwe.

Mmisiri womanga,
Chilenje