Kwa eni sitolo ya ziweto: khola la njoka limene mukugulitsa silikugwirizana ndi nyengo ya Johannesburg

Bambo mwini sitolo, pamodzi ndi inu amene mumayankha mauthenga pa tsamba lanu la Facebook, landirani moni. Ndife Amalawi okhala kuno ku Joni amene timasamalira njoka, ena zathu, ena za mabwana m'nyumba zimene timagwiramo ntchito. Talembera poyera chifukwa aliyense wodandaula kumbali akulandira yankho limodzimodzi lakuti azipopera madzi kawiri pa tsiku, pamene njoka zikupitirira kudwala.

Chimene mukuchitcha khola lokwanira la ball python (mtundu wa nsato yaing'ono) ndi bokosi lagalasi lokhala ndi chivundikiro cha waya wa sefa pamwamba ponse, babu lotenthetsa lopanda thermostat (kachipangizo koletsa kutentha kupitirira muyezo), thumba la utuchi wa paini, ndi kawotchi kapulasitiki koyezera chinyezi komata pagalasi. Kansato kameneka kwawo ndi ku Ghana, Togo, Benin ndi mayiko oyandikana nawo, kumene masana kamabisala m'mauna ndi m'zulu momwe mpweya wake ndi wachinyontho. M'khola kamafuna chinyezi cha 55 mpaka 70 peresenti, ndipo kakamafundula kamafuna 70 mpaka 80. Mbali yotentha ikhale pa madigiri 31 kapena 32, yozizira pa 24 mpaka 26. Khola lanu silingasunge manambala amenewa mu Juni.

Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene palekezera nyanja yamchere, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mvula imasowa, mpweya n'kuuma gwa, moti ngakhale milomo ya anthu imachita kung'aluka. Mpweya wouma kalewo mukautenthetsa umaumiratu. Mpweya wa m'chipinda wa madigiri 10 wokhala ndi chinyezi cha 50 peresenti, ukalowa m'khola n'kutenthedwa kufika madigiri 30, chinyezi chake chimatsika kufika pafupifupi 15 peresenti. Babu lija limapachikidwa pamwamba pa sefa, mpweya wotentha umakwera n'kutuluka ndi nthunzi yonse, wina wouma n'kulowa m'malo mwake, usana ndi usiku. Madzi opopera amakweza nambala kwa kanthawi kochepa chabe, kenako imagwanso, ndipo chotsala ndi utuchi wonyowa pamwamba, pomwe pamagona mimba ya njoka.

Zotsatira zake zimaoneka pofundula. Njoka yathanzi maso ake amayamba achita mtambo kwa masiku angapo, kenako amayera, ndipo pakapita masiku ena ochepa imavula khungu lonse kamodzi kuyambira kumphuno, lotembenuzika ngati sokosi. Ya m'khola louma imavula zidutswazidutswa. Njoka ilibe zikope, diso lake limaphimbidwa ndi kakhungu koonekera, ndipo kameneka kakakanirira kamasanjikizana ndi kena pofundula kotsatira mpaka diso kuvulala. Kunsonga kwa mchira khungu lotsalira limauma n'kumanga ngati mphira, magazi osafikako, nsongayo n'kufa. Tamva kuti wina wa m'sitolo mwanu akumauza makasitomala kuti azikanganula kakhungu ka m'maso ndi tepi kapena kopanira. Zimenezo muziletse lero lomwe, chifukwa munthu akhoza kukanganula ndi khungu latsopano lomwe.

Kasitomala akabweranso kudzadandaula, malangizo anu achiwiri akumakhala otseka sefa yonse ndi pulasitiki yokulungira zakudya kapena thaulo lonyowa. Apa m'pamene patiwawa kwambiri, chifukwa munthu amaona nambala yakwera n'kuganiza kuti zatheka, pomwe walowetsa njoka m'mavuto oposa oyamba aja. Mpweya ukaleka kuyenda, galasi limakhala likudontha thukuta tsiku lonse, m'makona mumamera chuku, ndipo fungo la mkodzo wa njoka limakhazikika pansi pomwe mphuno yake ili. Mamba a kumimba amayamba kufiira, ena kuchita matuza, kenako kuda n'kuyamba kuwola. Ndiye onjezani kuzizira kwa usiku, makamaka magetsi akazima babu n'kuzimanso: njoka imagwidwa chibayo. Imapuma ndi kaphokoso ngati kalikhweru, imayasama, imakweza mutu m'mwamba nthawi yaitali, pakamwa n'kumatuluka thovu kapena mamina. Ikafika apa palibe mankhwala a pakhomo, ndi ya dokotala wa ziweto wodziwa zokwawa basi, ndipo bilu yake imagwera wogula. Kwa mnzathu wogwira ntchito m'nyumba ya bwana ku Randburg kapena ku Fourways, mlandu wonse umagwera iye ngati wosasamala, chonsecho anatsatira pepala lanu la malangizo.

Chinyezi chiyenera kuchokera pansi, pamwamba pakhale pouma, ndipo mpweya uziyendabe. Kachitidwe kake n'kodziwika kwa aliyense wosunga nsato. Chotsani utuchi wa paini, pakuti mafuta ake onunkhira aja amapweteka mapapo a njoka, ndipo ukanyowa suchedwa kuchita chuku. Ikani makoko a kokonati oduladula okuya masentimita 8 mpaka 10. M'malo mopopera, thirani madzi m'makona anayi, kapu imodzi kapena ziwiri zonse pamodzi, kuti atsikire pansi azituluka pang'onopang'ono ngati nthunzi. Mukapisa chala, pansi pazimveka chinyontho, koma mukafinya makoko m'dzanja pasatuluke madontho. Sefa ya pamwamba itsekedwe magawo atatu mwa anayi ndi chidutswa cha perspex (pulasitiki yolimba yooneka ngati galasi) kapena pepala la aluminiyamu, kusiya mpata kuzungulira chotenthetsera ndi mpata wina kumbali yozizira. Tepi iliyonse imatidwe kunja, m'kati ayi, chifukwa ikamatirira njoka imachoka ndi mamba. Mvula ikayamba mu Okutobala, chotsekeracho chichepetsedwe, poti nthawi imeneyo mpweya wakunja uli kale ndi chinyezi.

Pali kanthu kena kotchipa kamene kakanapulumutsa njoka zambiri mukanakaika m'katundu wanu. Ndi kontena ya ayisikilimu ya malita 2 yokhala ndi chivundikiro, yobooledwa khomo pambali, m'mphepete mwa khomolo mosalazidwa bwino, m'kati moikidwa sphagnum moss (mtundu wa ndere wosunga madzi) wonyika m'madzi n'kufinyidwa. Njoka imalowamo yokha ikamva kuti khungu layamba kuthina. Moss ameneyu azionedwa masiku awiri kapena atatu alionse, ndipo akayamba kununkha atayidwe. Kaphanga konyowaka sikalowa m'malo mwa timapanga tiwiri touma, kena kumbali yotentha kena yozizira, kuti njoka isamakakamizike kugona ponyowa pofuna kubisala.

Makola anu a matabwa a melamine, amene mumati ndi apamwamba, nawonso ali ndi zolakwika ziwiri. Timazenera tonse mumatiika m'mwamba kukhoma lakumbuyo, pamzere umodzi, ndiye mpweya wotentha umangotulukira pomwepo, wapansi osasuntha. Pa khola la masentimita 120 m'litali, 60 m'lifupi ndi 60 msinkhu, ikani tiwiri m'munsi kumbali yozizira, pamwamba pang'ono pa makoko, ndi tiwiri m'mwamba kumbali yotentha, kuti mpweya uzilowa uku n'kudutsa khola lonse usanatulukire uko. Tikhale totheka kutseka pang'ono m'nyengo yozizira. Cholakwika chachiwiri n'chakuti molumikizira matabwa simumatamo silikoni, ndiye madzi akalowa thabwa limatupa n'kuyamba kufumbutuka. Pamafunika silikoni wa matanki a nsomba, osati wa kubafa amene ali ndi mankhwala opha chuku, ndipo njoka isalowe mpaka fungo la viniga litatheratu.

Za kawotchi kaja sitinena zambiri, kayeseni nokha. Dzazani chitsekero cha botolo ndi mchere, donthezanimo madzi pang'ono kuti unyowe koma usasungunuke, ikani pamodzi ndi kawotchiko m'kapepala kapulasitiki kotseka bwino usiku wonse. Choyezera cholondola chisonyeza 75 peresenti. Tiwotchi tamtundu umenewu timadziwika ndi kuphonya, komanso anyamata anu amatimata m'mwamba pafupi ndi babu, kumene njoka sikhalako. Chofunika ndi hygrometer (choyezera chinyezi) ya manambala yokhala ndi kachingwe, koikidwa masentimita ochepa pamwamba pa makoko, chapakati pa khola. Ndipo chotenthetsera chilichonse, kaya babu kaya heat mat (kamphasa kamagetsi kotenthetsa), chisatuluke m'sitolo popanda thermostat. Njoka ikagona pamalo otentha mopitirira sichokapo msanga, imapsa mimba ili pomwepo.

Pepala la malangizo limene mumapereka ndi limodzi kwa njoka zonse. Njoka yotchedwa corn snake, imene kwawo ndi kum'mwera chakum'mawa kwa United States, imakhala bwino pa chinyezi cha 40 mpaka 60 peresenti, n'chifukwa chake imapirira m'khola lanu lagalasi. Njoka yotchedwa boa imafuna 60 mpaka 70. Mwina kupirira kwa corn snake n'kumene kwakupangitsani kuganiza kuti kholali lilibe vuto.

Pempho lathu ndi ili. Lekani kugulitsa bokosi la sefa ngati khola lokwanira la ball python mpaka mutasintha zimene tatchulazi. Lembani pepala la mtundu uliwonse palokha, lotchula manambala a dzinja ndi a nyengo yozizira ya kuno ku Gauteng, ndipo anyamata a pakauntala aphunzitsidwe, asamangonena za kupopera. Amene anagula kale muwaitane adzasinthe utuchi ndi kawotchi, muwapatsenso thermostat, kapena muwabwezere ndalama. Lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limati katundu ayenera kugwira ntchito imene anagulitsidwira, ndipo wogula ali ndi miyezi 6 yobweza katundu wosakwaniritsa zimenezi kuti akonzedwe, asinthidwe kapena ndalama zibwezedwe. Malisiti tinasunga, ndipo mukapanda kuchitapo kanthu tikasiya madandaulo ku National Consumer Commission, bungwe la boma loteteza ogula. Yankho lanu mulilembe pompano poyera, kuti ndi ena amene anagula makolawa aliwerenge kuzizira kusanafike pachimake.