Tiganizire ana aang'ono tisanawatengere ku kanema

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi makolo anzanga amene amakonda kupita ndi ana kokaonera mafilimu akuluakulu a nkhondo za m'mlengalenga, aja a zombo zouluka ndi zilombo zolankhula.

Ine mafilimu amenewa ndimawakonda. Posachedwapa tinapita banja lonse, ine, mayi akunyumba ndi anyamata athu awiri, wa zaka 14 ndi wa zaka 11. Ntchito yake ndi yogometsa. Chilombo china chinali ndi maso olengeza misozi, milomo ikunjenjemera, ndipo wamkuluyo anandinong'oneza kuti nkhopeyo ndi ya munthu weniweni: amamuika timadontho kumaso, makamera n'kujambula mmene minofu ikuyendera, kenako kompyuta imavekapo khungu la chilombo. Mng'ono wake, atavala magalasi a 3D aja amene amapatsa diso lililonse chithunzi chakechake, anatambasula dzanja kuti awakhe phulusa looneka ngati likumugwera pamiyendo.

Chandilembetsa kalatayi ndi kamtsikana ka zaka ngati zinayi komwe kanakhala kutsogolo kwathu. Bomba loyamba litaphulika, mipando n'kugwedezeka, kanatseka makutu ndi manja n'kubisa nkhope pachifuwa cha mayi ake. Kanakhala choncho maola oposa awiri. Magalasi ake, omwe anali aakulu kuposa nkhope, anali gone pansi. Zinandimvetsa chisoni kwambiri.

Pachithunzi cholengeza filimuyo panali polemba kuti PG-13. Chizindikirochi chinayambira ku America mu 1984, ndipo chimachenjeza kuti zina za m'filimumo zingakhale zosayenera ana osakwana zaka 13. Sichitsekera mwana pakhomo, chimangosiyira kholo udindo woganiza. Ifenso wathu wa zaka 11 uja tinamutenga titayamba taonera kachidutswa kake pa intaneti n'kumufunsa ngati angapirire. Mwana wa zaka zinayi sanafike posiyanitsa bwino zamasewera ndi zenizeni. Kwa iye chilombocho chili m'holo momwemo.

Eni malo oonetsera kanema nawo atithandize. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limachenjeza kuti phokoso lalikulu limawononga timaselo ta m'kati mwa khutu, ndipo timaseloti tikafa sitimeranso. Chingavute n'chiyani kukhala ndi chionetsero cha masana cha mabanja, phokoso lotsitsidwa, magetsi osazimitsiratu? Ndipo wogulitsa matikiti akaona kholo lanyamula kamwana, alifotokozere za chizindikiro cha zaka lisanalipire.

Kholo lokonda kanema