Ana a m'maboma akumidzi a Tete asungiridwe malo m'masukulu a ukachenjede

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya mayeso olowera ku yunivesite, amene chaka ndi chaka amasiya makolo ambiri a kuno ku Angónia atagwira njakata. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo pa zaka zimene ndagwira choko ndaona ana anzeru zoopsa akumaliza kalasi 12 bwino lomwe, kenako n'kubwerera kukakweza mizere ya mbatata ya kachewere chifukwa dzina lawo silinatuluke pa mndandanda wa osankhidwa. Ulimi sindikuunyoza, ndi umene unandiphunzitsa ine. Chimene chikundiwawa n'chakuti ana amenewa sanasankhe okha kutero.

Chigawo chathu cha Tete lero sichikusowa masukulu. Tili ndi Instituto Superior Politécnico de Tete, tili ndi Instituto Superior Politécnico de Songo pafupi ndi damu la Cahora Bassa, Universidade Púnguè ili ndi nthambi mumzinda wa Tete, ndipo Universidade Zambeze imaphunzitsa zaumoyo ku Tete komweko ndi zaulimi kuno ku Ulongué. Kale munthu wofuna digiri ankaganiza za Maputo basi, ku Universidade Eduardo Mondlane, ulendo wa masiku angapo. Masukulu anatiyandikira, koma funso limene sitinaliyankhe ndi lakuti mwana wa ku Tsangano, Macanga, Chifunde kapena Marávia ali ndi mwayi wotani wolowamo.

Anthu amati mayeso sakondera, chifukwa pepala ndi limodzi kwa onse. Ine ndikuti pepala ndi limodzi ndithu, koma njira yofikira pa pepalalo si imodzi. Mwana wa mlongo wanga ankafuna kuphunzira zaumoyo. Pa sukulu imene anaphunzira panalibe labotale, moti maikulosikopu anangoiona pa chithunzi cha m'buku, ndipo bukulo ankalimbirana ana angapo. Chipwitikizi anakumana nacho koyamba m'kalasi, pomwe kunyumba, kumsika ndi kutchalitchi moyo wake wonse unali m'Chichewa. Kuti akalembe mayeso, bambo ake anagulitsa mbuzi kuti apeze ndalama ya chapa (minibasi), ya kalembera ndi ya pogona. Anakakhala m'chipinda chimodzi ndi ana amene anayamwira Chipwitikizi, amene makolo awo anawalipirira aphunzitsi apadera miyezi yambiri. Anatsala pang'ono kufika pa malire, koma sanatengedwe. Sindikukhulupirira kuti mayeso aja anayeza nzeru zake zokha. Anayezanso mtunda wa kwawo ndi thumba la bambo ake.

Boma lenilenilo linavomereza kale kuti chiyankhulo chimatsekereza ana, n'chifukwa chake linayesa maphunziro a ziyankhulo ziwiri kuno ku Tete ndi ku Gaza m'zaka za m'ma 1990, Chinyanja chathuchi chikugwiritsidwa ntchito, ndipo kuyambira 2003 njirayi inafalikira m'masukulu a pulayimale m'zigawo zina. Ngati tinazindikira vutoli m'kalasi yoyamba, tisachite ngati laiwalika pakhomo la yunivesite.

Chimene ndikupempha n'chakuti masukulu a boma amene ali m'chigawo chino asunge gawo la malo m'maphunziro aliwonse, kuphatikizapo udokotala ndi uinjiniya, kuti likhale la ana amene anamaliza sekondale m'masukulu a boma a m'maboma akumidzi. Anawo apikisane okhaokha pa malo amenewo, ndipo pakhale malire a magiredi amene aliyense ayenera kufika, kuti pasalowe munthu wosakonzeka n'komwe.

Ndikudziwa kuti ena amva mawu akuti "kota" n'kuchita tsinya, ndipo ali ndi chifukwa. Ife a m'malire tinamva mmene abale athu a ku Malawi anakanganirana zaka zambiri pa njira yosankha ophunzira potengera boma lochokera, ena akudandaula kuti ana okhoza bwino, makamaka a kumpoto, ankasiyidwa, mpaka boma lawo linalengeza mu 2020 kuti njirayo yathetsedwa. Ku America nakonso, mu 2023 khoti lalikulu linaletsa mayunivesite kuganizira khungu la munthu posankha, pa mlandu wokhudza Harvard ndi University of North Carolina. Koma onani zimene anachita a ku Brazil, amene timagawana nawo Chipwitikizi. Lamulo lawo la 2012 linati theka la malo m'mayunivesite a boma lalikulu lipite kwa ana ochokera m'masukulu a sekondale a boma, ndipo mkati mwa thekalo amayang'ananso mapezedwe a banja ndi mtundu. Mbali imene ingatithandize ife ndi ya sukulu ndi mapezedwe. Tisafunse ngati mwana ndi Mchewa, Mngoni, Mnyungwe kapena Msena, chifukwa kutero n'kudzutsa zinthu zimene dziko lino linavutika kuzigoneka. Tifunse sukulu imene anaphunzira ndi zimene zinalimo. Mwana wa bwana amene anakulira ku Maputo asadzabwere ndi kalata yoti agogo ake ndi a ku Furancungo n'kulanda malo a mwana amene anakuliradi ku Furancungo.

Kulowetsa mwana pakhomo kokha sikukwanira, ndipo apa ndiyankhula monga mphunzitsi. Ukamutenga wophunzira amene sanagwirepo chipangizo chilichonse cha sayansi n'kumuponya m'chaka choyamba cha uinjiniya, adzalephera, ndipo otsutsa adzati taonani, tinanena. Pafunika miyezi ingapo yokonzekera asanayambe, yolimbitsa masamu, fizikisi, kemisitiri, Chipwitikizi cholemba ndi kugwiritsa ntchito kompyuta. Pafunikanso kuti thandizo la ndalama la boma, limene limadutsa ku Instituto de Bolsas de Estudo, lilengezedwe m'Chichewa ndi m'Chinyungwe pa mawailesi a m'madera nthawi isanathe, chifukwa chidziwitso chimene chimangoikidwa pa intaneti chimafika kwa amene ali nazo kale.

Ndikadandaulanso za uphungu. Ana athu ambiri amadziwa ntchito zitatu zokha, uphunzitsi, unamwino ndi upolisi, popeza ndi zimene amaziona. Komatu malasha akhala akutuluka ku Moatize kuchoka mu 2011 pamlingo waukulu, ndipo damu la Cahora Bassa, lotha kupanga mamegawati 2,075, linabwerera m'manja mwa Mozambique mu 2007. Ntchito zoterezi zimafuna akatswiri a miyala, a magetsi, a makina ndi owerengera ndalama, ndipo mwana ayenera kudziwa zimenezi asanasankhe gawo la maphunziro ake ku sekondale, osati atamaliza. Makampani amene akupindula ndi nthaka ya chigawo chino atumize akatswiri awo m'masekondale a kumidzi kukafotokoza ntchito zawo, ndipo atsegule malo ophunzirira ntchito kwa ophunzira a m'chaka chomaliza.

Mwana wa mlongo wanga uja akufuna kuyesanso mayeso akubwerawa. Ndikupempha akuluakulu a zamaphunziro m'chigawo chino ndi atsogoleri a masukulu ndatchulawa kuti asindikize chiwerengero cha ophunzira amene amatenga kuchokera m'boma lililonse la Tete, kuti tikambirane nkhaniyi manambala ali patebulo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Ulongué, Angónia