Phulusa la mankhusu a mpunga lilimbitse labala wathu

A Mkonzi,

Aliyense amene wadutsapo pamsewu wa M5 pa Vizara, m'boma la Nkhata Bay, waonapo anyamata akugulitsa mipira yokulunga ndi utomoni wa mitengo ya labala. Mpira wotere umanjanja bwino, koma ukakhalitsa padzuwa umayamba kumata m'manja. Labala wosasakaniza ndi wotero. Kuti akhale tayala amamuthira sulufule, mwaye wakuda ndi mafuta ofewetsa, zambiri mwa izo zochokera ku mafuta okumba pansi.

Chimene chikundiwawa n'chakuti zina zolowa m'malo mwake tikungozitaya. Kuzigayo za mpunga ku Karonga mankhusu amaunjikana ngati chulu, ena n'kumawotchera njerwa. Phulusa lake ladzaza silika (chinthu chimene chimapezekanso mumchenga), amene amalimbitsa labala kuti asaperepeseke msanga. Kampani yopanga matayala ya Goodyear inayamba kugwiritsa ntchito silika wotereyu mu 2015, ndipo mu 2017 inatulutsa matayala othira mafuta a soya, soya yemweyu amene alimi a ku Mchinji amadandaula naye mitengo.

Ndikupempha akatswiri a m'mayunivesite a MUBAS ndi MUST kuti ayese zimenezi pa labala wa ku Vizara. Asathamangire matayala, ayambire pa zidendene za nsapato ndi mapatapata.

Wowerenga wanu,
Chintheche