Mafuta a lavender angamuthandize mwana wanga akakhala kumwezi?

Azakhali,

Ndikulemba kuchokera ku Ulongue kuno ku Angónia m'dziko la Mozambique, ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimagulitsa kachewere pamsika. Nkhani ndi ya mwana wanga woyamba wa zaka 14, anatha msinkhu chaka chatha koma mwezi uliwonse akangoyamba kusamba pakhomo pano sitigona, amangodzipinda pamphasa atagwira pachinena, msana kuwawa, nthawi zina mpaka kusanza. Masiku awiri oyambawo kusukulu sapita ndiye pano ali kalasi ya 8 mayeso ali pafupi, mtima wanga suli m'malo.

Panado sakumva. Brufen amathandizako, anesi anandifotokozera kuti ululuwo umabwera poti chiberekero chimakokana potulutsa magazi ndipo brufenyo amachepetsa kukokanako, koma akamwa asanadye amadandaula kutentha pamtima, chikhalirecho masiku amenewo nsima saifuna n'komwe. Agogo ake akungoti zidzatha akadzabereka. Mawu amenewo amandiwawa zedi, mwana wasukulu n'kumamuuza zobereka?

Ndiye mng'ono wanga wa ku Johannesburg watumiza kabotolo ka 10 ml ka mafuta onunkhira ochokera ku duwa lotchedwa lavender, akuti kumeneko atsikana amasisita pamimba komanso kununkhiza ululu n'kuchepa. Anangotumiza osalongosola bwino, mwanayu anapaka okhaokha pakhungu m'mawa mwake patatuluka tinsungu toyabwa. Nditamuimbira pa WhatsApp mpamene akuti eeh achemwali amafunika timadontho pang'ono posakaniza ndi mafuta ena ngati a kokonati, ndipo osayerekeza kumwa. Nanga a kokonatiwo kuno kumapiri ndikawapeza kuti, a mpendadzuwa ophikirawa angalowe m'malo? Madontho angati pa supuni imodzi?

Komanso ndiuzeni zoona azakhali, fungolo limachotsadi ululu kapena chimathandiza ndi kusisitako basi? Poti botolo la madzi ofunda ndikalikulunga m'chitenje n'kumuika pamimba amagonako pang'ono, ndipo limenelo silifuna metikali iliyonse. Popeza khungu lake lawakana kamodzi, ndiyeserenso kapena ndingosiyiratu?

China chikundisowetsa tulo n'choti ndinamva za matenda a endometriosis, oti minofu yonga ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwa chiberekerocho, omwe amayamba ndi ululu woterewu. Ndingadziwe bwanji kuti apa pafunika dokotala amuyeze, osangoti mafuta ndi mapiritsi?

Mayi wodandaula,
Ulongue